Amayi Obwereka

1. Naintini

Lachisanu m'mawa a Zimba analowa m'kalasi ya Giredi 11B atanyamula mapepala a mayeso a masamu. Phokoso linatha iwo asanafike n'komwe pa tebulo.

A Zimba anali munthu wamtali, woonda, wosakonda kuseka. Sankamenya mwana ndipo sankakweza mawu. Komabe ana a pasukulu ya sekondale ija, ku Chimwemwe mu mzinda wa Kitwe, ankawaopa kuposa mmene ankaopera aphunzitsi aakulu. Anali ndi malamulo awoawo. Pobweza mapepala ankawerenga malikisi mokweza, kuyambira wapamwamba mpaka wotsiriza. Malo okhala nawonso ankatsata malikisi. Okhoza ankakhala kutsogolo, olephera kumbuyo.

Pauline Shawa, mtsikana wa zaka sikisitini, ankakhala pa desiki yakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera losweka. Ali Giredi 10 ankakhala kutsogolo ndipo masamu ankawakhoza. Chaka chino, tsiku lotsegulira sukulu, anachedwa n'kupeza malo atatsala kumbuyo kokha. Kuchokera pamenepo malikisi ake anayamba kutsika, ndipo kutsogolo sanabwererenso.

Mayina anayamba kuitanidwa. Pauline anabisa manja pansi pa desiki. Anzake anapita mmodzimmodzi kukatenga mapepala awo. Juliet, mnzake amene ankakhala naye desiki imodzi, anapeza sate faifi. Pamapeto pepala linatsala limodzi.

"Pauline Shawa," anatero a Zimba. "Naintini."

Wina anatsokomola pofuna kubisa kuseka. Pauline anayenda kuchoka kumbuyo mpaka kutsogolo, maso ali pansi. Anatambasula dzanja, koma a Zimba sanamupatse pepalalo. Analiyang'ana kanthawi, kenako analipinda n'kuliika m'thumba la jekete.

"Ili likhala kwa ine. Lolemba, seveni koloko, ubwere ndi kholo lako ku ofesi yanga. Ukabwera wekha, pakhomo pa kalasi ino usadutse. Wamva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

Panali chinthu chimene Pauline anali asanauze munthu aliyense. Akakhala kumbuyo kuja, zolembedwa pa bolodi ankaziona ngati zili m'kati mwa utsi. Pa maphunziro ena ankangokopera m'kope la Juliet. Koma tsiku la mayeso a Zimba ankalemba mafunso pa bolodi n'kutalikitsa madesiki, ndipo woyang'ana kumbali ankamulanda pepala. Pauline ankatsinzina pang'ono n'kumangoganizira kuti nambala ili apo ndi iti.

Tsiku lina mwana wina anadandaula kuti sakuona bwino. A Zimba anamuyankha kuti, "Nanga mpira wa pa foni dzulo unauona ndi maso a yani? Khala pansi." Kuyambira tsiku limenelo Pauline anatseka pakamwa.

2. Mawu a atate

Atate a Pauline, a Evaristo Shawa, ankagwira ntchito yokonza mapampu a madzi pansi pa mgodi. Amayi ake anali atatha miyezi iwiri ku Katete, kumene anapita kukadwazika amayi awo. Panyumba panali atate ndi Pauline basi.

Loweruka masana a Shawa anakhala pakhonde akutsuka nsapato zawo za kuntchito. Pauline anabweretsa madzi m'beseni, n'kuima pambali. Anali atakonza mawu m'mutu mwake, koma atate ake ndiwo anayamba kuyankhula.

"Mayeso aja a masamu anabweza?" anafunsa atate ake osadzutsa mutu.

"Sanabweze," anayankha Pauline. Bodzalo linatuluka lokha, iye asanaliganize.

A Shawa anaika nsapato pansi.

"Khala apa, mwana wanga, undimvere. Ine chikepe cha mgodi chikatseka chitseko, dzuwa sindilionanso mpaka nditatuluka. Kumene ndimagwira, madzi amafika m'mawondo. Agogo ako anachoka ku Katete n'kudzatsika mgodi womwewu, ndipo anatuluka ndi chifuwa chimene chinawatenga. Nthawi yawo mgodi unkafuna mphamvu. Lero ukufuna pepala. Amabwera anyamata aang'ono, ine n'kuwaphunzitsa kagwiridwe ka sipanala. Pakatha zaka ziwiri omwewo ndiwo mabwana anga. Sandiposa ntchito ayi. Amandiposa masamu.

"Temu yatha unabweretsa fote. Ndinakhala chete chifukwa amayi ako anali atangochoka. Koma ndikuuze lero kukadali kowala. Ukatsikanso, sindidzakusiya kuti uzingokwera makalasi ngati katundu wa pa minibasi. Ndidzakutumiza kwa azakhali ako ku Bwana Mkubwa, ku Ndola, ukayambirenso Giredi 10. Kumeneko kulibe anzako, kulibe foni. Sindikunena izi chifukwa chokuda. Ndikunena chifukwa ndikudziwa kumene munthu wopanda pepala amathera."

"Ndamva, atate."

Anatenga beseni n'kukataya madzi kuseri kwa nyumba.

3. Nzeru ya Juliet

Lamulungu Misa itatha, Pauline sanabwerere kunyumba. Anapita kumsika, kumene achemwali ake a Juliet, a Fridah, anali ndi kasaluni koluka tsitsi. Anapeza Juliet akumasula mawigi pakhomo.

"Wawauza atate ako?" anafunsa Juliet.

"Ndalephera. Akadziwa, ndikupita ku Ndola."

Juliet anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu.

"Iwe, nkhani iyi ndi yaing'ono. Ba Zimba amawadziwa amayi ako?"

"Sanawaonepo."

"Ndiye vuto lili pati? Ba Fridah avala chitenje ndi duku, akhala amayi ako aang'ono. Aphunzitsi akalipa, iwo agwedeza mutu, basi mwatuluka."

Pauline anakana poyamba. Ananena kuti a Zimba si munthu wosewera naye. Juliet anamufunsa ngati ali ndi njira ina. Pauline analibe.

A Fridah anali mayi wa zaka twente eyiti, wokonda nthabwala, wobadwira mu Kitwe momwemo. Chibemba ndicho chinali chilankhulo chawo, Chinyanja ankachiyankhula cha m'tauni. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kugwira khoma.

"Ndiye ndine ndani?" anafunsa.

"Mng'ono wawo wa amayi anga. Dzina lawo ndi a Misozi."

"Ba Misozi a ku Katete. Chabwino. Aphunzitsi onse ndi amodzi, mwana iwe. Amafuna kuona kholo likukalipira mwana pamaso pawo. Ine ndikakunena kuti ndiwe waulesi, iwe uzingoyang'ana pansi. Akaona choncho mtima wawo ukhala m'malo."

Pauline anavomera ndi mutu. Pobwerera kunyumba anadutsa njira yaitali, kuopa kukumana ndi anthu a kutchalitchi amene akanamufunsa chifukwa chake nkhope yagwa.

4. Mu ofesi

Lolemba anakumana pa siteji ya minibasi. A Fridah anali atavala chitenje cha buluu ndi duku, milomo osapaka kanthu. Anaonekadi ngati mayi wa pabanja.

Ofesi ya a Zimba inali kachipinda kakang'ono kodzaza makope. Pakhoma panali kalendala ndi wotchi. Nthawi inali seveni koloko ndendende.

"Mwapoleni mukwai," a Zimba anapereka moni m'Chibemba, akuloza mpando.

A Fridah anayankha bwinobwino n'kukhala. Anafotokoza kuti iwo ndi mayi wamng'ono wa mwanayo, kuti amayi ake ali ku Katete ndipo atate ake ali ku mgodi.

"Ku Katete?" anatero a Zimba, atasintha n'kuyamba Chinyanja cha kumudzi. "Ndiye ndinu akwathu. Mudzi uti?"

Pauline anayang'ana pansi.

"Pafupi ndi msewu waukulu paja," anayankha a Fridah. "Koma ine ndinachoka ndili mwana."

A Zimba anawayang'ana pang'ono, koma sanapitirize. Anatulutsa pepala la Pauline m'jekete n'kuliyala pa tebulo.

"Amayi, sindinakuitanireni kuti mudzaone naintini. Taonani apa. Funso loyamba ine ndinalemba sate eyiti pa bolodi. Mwana uyu analemba eyite firii. Apa ndinalemba seveni, iye analemba wanu. Apa chizindikiro chophatikiza anachiona ngati chogawa. Loweruka lonse ndinakhala pansi n'kuwerengetsanso mafunso onse ndi manambala ake olakwikawo. Njira zake ndi zolondola. Akanakopera bwino, akanapeza sevente wanu."

Pauline anadzutsa mutu koyamba.

"Ine ndikuganiza kuti mwana uyu saona patali," anapitiriza a Zimba. "Lachitatu kubwera anthu a kuchipatala cha maso kudzapima ana pasukulu pano. Malo ndi ochepa, kalasi iliyonse ana atatu. Ndasunga malo amodzi. Koma ndisanalembe dzina lake, ndimve kwa inu amene mumakhala naye. Kunyumba amadandaula mutu? Akamaonera TV amayandikira? Munthu akamabwera patali amamuzindikira?"

A Fridah sanayembekezere mafunso otere. Anakonza duku lawo, n'kubwerera ku mawu amene anakonzeka.

"Aphunzitsi, musavutike naye uyu. Kunyumba amaona bwinobwino. Ngakhale singano ikagwa pansi ndiye amatola. Ndi ulesi chabe. Tsiku lonse ali pa foni. Ife tamuyankhula mpaka tatopa."

Panja ana ankasesa bwalo.

"Mukutsimikiza?" anafunsa a Zimba.

"Ndithu. Ndamulera ndine."

A Zimba anapuma mozama. Pa tebulo panali fomu ya chipatala yosalembedwa. Anaitenga pang'onopang'ono.

"Ngati inu amene mwamulera mukutero, ndiye kuti ndalakwitsa ndine. Ndiye kuti amangolemba mosasamala. Malowa ndipatsa mwana wina."

Anatsegula dirowa.

Pauline anayang'ana fomu ija ikulowa. Anayang'ana kalendala ya pakhoma, imene inali masitepe anayi okha kuchoka pamene anaima. Sankatha kuwerenga ngakhale dzina la mwezi. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Aphunzitsi." Mawu anatuluka aang'ono kwambiri.

"Nchiyani?"

"Awa si amayi anga."

A Fridah anamutsina pa mkono, koma Pauline anapitiriza, misozi ikutsika.

"Si abale anga. Ndi achemwali a mnzanga. Ndinawapempha ndine. Atate sadziwa chilichonse. Ndipo pa bolodi sindiona. Chiyambire Januwale sindiona."

5. Chenjezo

A Zimba sanakalipe. Anatseka dirowa, n'kuyang'ana a Fridah mpaka iwo anayang'ana pansi.

"Amayi, dzina lanu lenileni sindilifuna. Tulukani. Koma podutsa pageti mukumbukire kuti munatsala pang'ono kumulanda mwana uyu maso ake ndi pakamwa panu."

A Fridah ananyamuka osatsanzika. Chitseko chitatsekeka, Pauline anatsala yekha ndi munthu amene ankamuopa kuposa wina aliyense.

"Pukuta nkhope," anatero a Zimba. "Imirira bwino. Ndiyankhula kamodzi.

"Ndaphunzitsa zaka twente sikisi. Ndaona ana olephera masamu ambirimbiri, ndipo ambiri a iwo lero ndi anthu. Naintini sapha munthu. Koma ndinali ndi mtsikana wina ku Ndola, wanzeru kukuposa iwe. Anayamba monga wayambira iwemu. Anabweretsa amalume abodza. Zitayenda, anasaina yekha lipoti. Zitayendanso, Giredi 12 anagula mayankho a pa foni. Anamugwira m'chipinda cha mayeso, anzake onse akuona, ndipo zotsatira zake zonse zinafafanizidwa. Atate ake anabwera kwa ine akulira, akuti bwanji simunandiuze. Ndinawayankha kuti ndinakuitanani katatu, ndipo katatu konse kunabwera munthu wina.

"Ukabweretsa kholo labodza, sunamiza mphunzitsi yekha. Umatseka khomo limene thandizo lako likanalowera. Lero ndinali ndi uthenga wopita kwa atate ako, ndipo ndinaupereka kwa mlendo. Mlendoyo anautaya pamaso pako. Waona wekha."

"Pepani, aphunzitsi."

"Pepani wako ukamuuze amene anakubala. Chifukwa chiyani sunanene kuti suona?"

Pauline anazengereza. A Zimba anadikira.

"Ndinkaopa. Munamuuza mnzathu uja kuti akhale pansi."

A Zimba anatenga cholembera, anachiika pansi, anachitenganso.

"Cholakwa chimenecho ndi changa, ndipo ndiyankha ndekha," anatero pomaliza. "Koma sichifafaniza chako. Lamulo la sukulu ino likuti mwana wobweretsa kholo labodza apite kwa aphunzitsi aakulu, akakhale kunyumba masabata awiri. Ukakhala masabata awiri, Lachitatu likudutsa. Ndiye ndichita chonchi. Nkhaniyi ndiigwira mpaka mawa seveni koloko. Atate ako akakhala pa mpando uwu n'kusaina fomu ija, ndikakuyankhulira. Ikakwana seveni iwo palibe, ndikuitengera kwa aphunzitsi aakulu. Sindidzawonjezera ngakhale mphindi imodzi."

Analemba kalata yaifupi, anaisaina, n'kuiika mu envulopu.

"Lero m'kalasi sulowa. Pita kunyumba."

6. Kalata

Sabata imeneyo a Shawa ankalowa ntchito thu koloko masana. Pauline atafika, cha m'ma naini, anawapeza pabwalo akumata chubu cha njinga.

"Wabwerera chiyani? Ukudwala?"

Pauline anagwada patsogolo pawo, envulopu ili m'manja onse awiri. Anayamba ndi naintini. Ananena za bodza la Loweruka, za a Fridah ndi chitenje chawo, ndi zonse zimene zinachitika mu ofesi. Sanasiye kanthu. Nthawi yonseyo ankayang'ana mapazi a atate ake, kudikira kuti amve dzina la Bwana Mkubwa.

A Shawa anapukuta manja pa buluku. Sanatsegule kalata. Analoza chikwangwani cha golosale ya tsidya lina la msewu.

"Werenga apo."

Pauline anayang'ana, anatsinzina pang'ono, kenako anapukusa mutu.

"Ndikuona zofiira chabe, atate."

A Shawa anayang'ana chikwangwanicho, chimene zilembo zake zinali zazikulu ngati dzanja la munthu. Anayang'ananso mwana wawo. Anakhala pansi pa njerwa ngati munthu wotopa.

"Miyezi yonseyi," anatero motsitsa. "Ndimakutuma kumsika, umadumpha msewu wa minibasi wekha. Ndipo ine ndili m'nyumba momwemuno."

"Ndinkaopa, atate."

"Za bodza lako tidzakamba, usaganize kuti zatha. Koma maso ayambe. Dzuka. Patse kalatayo."

Pauline anadzuka, mtima utayamba kutsika. Atate ake anang'amba envulopu n'kuwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Anagwedeza mutu kawiri. Atafika pansi pa kalata, pamene panali dzina la wolemba, milomo inaima.

"Zimba uti ameneyu?"

"Aphunzitsi a masamu."

"O. Zimba. Obadiah? Wamtali, woonda, wa ku Katete?"

"Inde, atate. Mumawadziwa?"

Nkhope ya a Shawa inali itasintha, ndipo Pauline anali asanaionepo chotero. Anapinda kalata ija kawiri, n'kuipindanso, mpaka inakhala kanthu kakang'ono m'chikhatho mwawo.

"Maso ako ndidzakupimitsa ndekha, mwezi ukatha," anatero. "Koma mu ofesi ya munthu ameneyo ine sindidzaponda. Ine ndi iye tili ndi nkhani yakale imene sinathe."

"Atate, akuti mukapanda kufika seveni koloko andipereka kwa aphunzitsi aakulu."

"Ndamva zimene akuti."

Anatola chubu chija n'kulowa nacho m'nyumba, ngakhale chinali chisanaume. Pauline anatsala pabwalo, chikwama cha mabuku chikadali kumsana. Anamva atate ake akutsegula sutikesi yakale ya pansi pa bedi, imene ankasungamo makalata akale ndipo sankalola munthu aliyense kuikhudza.